Mwana wa ba Benard

Mng'ono wanga Patson ali ndi ana ambiri, ndipo ena mwa adzukulu ake amatchedwanso Patson. Pa golosale yake ya m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata palembedwa dzina lake ndi penti yofiira. Ngakhale ngolo yake ili ndi dzina lake kumbuyo. Ine ndine Benard, mkulu wake, ndipo dzina langa lili pa reji yanga, chitupa cha boma, basi.

Tinakulira ku Mpanshya, pafupi ndi mishoni. Atate anali ndi mphamvu yophunzitsa mwana mmodzi yekha, ndipo anasankha wamng'onoyo. Ine ndinalekezera sukulu panjira. Patson anafika kusekondale, kenaka anapita ku Lusaka kukagwira ntchito m'hotela, kumene anaphunzira ngakhale kuseka m'Chingerezi. Koma ndinali ndi changa chimene iye analibe. Ndinkatumikira pa guwa masiku amene Misa inkachitika m'Chilatini, ndipo mayankho onse anali m'mutu mwanga. Mpaka lero akadalimo.

Wansembe wathu, Bambo Kazimili, ankakonda zomera kuposa chakudya. Lolemba tinkakwera mapiri, iwo patsogolo, ine pambuyo nditasenza matabwa awiri omangidwa ndi malamba, pakati pake pali nyuzipepala zakale. Akathyola nthambi ya maluwa ankaiyala bwino pakati pa nyuzipepalazo, ine n'kukoka malamba, n'kukhalapo kuti nthambiyo iphwatalale ndi kuuma. Mtengo uliwonse ankautchula ndi dzina la Chilatini. Anandiuza kuti munthu akapeza chomera chimene sichinalembedwepo, amachifotokoza m'Chilatini, n'kuchipatsa dzina, ndipo angathe kuchitcha dzina la munthu.

"Malamulo ndi awiri, Benard," anatero tsiku lina tikupuma pamwala. "Chilatini ndicho chiyankhulo chake, ndipo dzina loyamba ndilo limaima. Wobwera pambuyo sangalichotse. Tikadzapeza chatsopano, chidzakhala benardii."

Sitinachipeze. Bambo anadwala, anabwerera kwawo, namwalira komweko. Mawuwo anatsala ndi ine.

Nditakwatira Eness tinasamukira kuno ku Chinyunyu, kumene madzi otentha amatuluka pansi. Tinabereka mwana mmodzi, wamwamuna. Anabadwa m'dzinja, mitsinje itadzaza, ndipo sanafike madzulo. Nditaona kuti mpweya ukuchepa ndinatunga madzi ndi chikho, n'kumubatiza ndekha m'Chilatini monga tinaphunzitsidwira kuchita pangozi. Ndinamutcha Benard. Wina sanabwerenso. Zaka zitapita, Patson anapuma ntchito, ndipo mwa malo onse a m'Zambia muno anasankha kudzamanga pafupi ndi ine, kuti ndiziwerenga bwino adzukulu ake akamadutsa.

Zaka zingapo zapitazo, chimanga chitakololedwa, panaima galimoto yoyera pakhomo panga. Munatuluka mayi wachitsikana wovala nsapato zazikulu ngati za asilikali. Anagwada pang'ono popereka moni, nati ndi Dokotala Emelda wa ku yunivesite, wophunzira za zomera. Anthu a pamsewu anamuuza kuti kuli mdala amene ankayenda ndi wansembe wa maluwa. Atatsegula kumbuyo kwa galimoto ndinaona matabwa awiri ndi malamba, ndi mulu wa nyuzipepala. Zinali ngati ndaona m'bale wotayika.

Eness anatulutsa mipando. Patson, amene amanunkhiza galimoto ngati fisi anunkhiza mbuzi, anali atafika kale n'kukhala pa mtondo wogubuduza.

Ndinamulonjera mlendoyo m'Chilatini, mawu aja wansembe amalonjera nawo mpingo. Ndinadikira yankho. Iye anaseka, naphimba pakamwa.

"Pepani ba tate, Chilatini sindichidziwa. Ndimadziwa mayina a zomera chabe."

"Nanga mukapeza chatsopano mumachilemba bwanji?"

"M'Chingerezi. Lamulo linasintha mu 2012. Dzina lenilenilo likhalabe la Chilatini, koma kufotokoza masamba, maluwa, mizu, munthu angalembe m'Chingerezi."

"Anasintha ndani?"

"Akatswiri a maiko onse, pa msonkhano wawo."

"Akatswiri olankhula Chingerezi," ndinatero.

Patson anaseka. "Akulu, manje muyamba. Asiyeni ba dokotala amwe madzi."

Sindinamuyang'ane. Ndinauza mayiyo zimene ndimakhulupirira mpaka lero. Chilatini chilibe mwini. Mzungu wa ku Mangalande, Mchaina, Msoli wa kwa mfumu Bundabunda, onse amachivutikira chimodzimodzi, palibe amene anachiyamwa kwa amake. Chingerezi chili ndi eni ake, ndipo mwini chiyankhulo amakhala mwini wa zonse zolembedwamo. Chinanso, Chingerezi chimasintha ngati mtengo wa feteleza. Chimene ankalankhula a DC a nthawi ya atsamunda si chimene akulankhula ana a pa foni. Chilatini chinasiya kukalamba kalekale.

Anamvetsera bwino, zimenezo ndivomere. Kenaka anati, "Zili ndi nzeru, ba tate. Koma mphunzitsi wanga anapeza udzu watsopano ku Serenje, ndipo anadikira chaka ndi miyezi kuti munthu wina wa ku Ulaya amulembere mizere ingapo ya Chilatini. Podikirapo, malo aja anawotchedwa makala. Chilibe mwini, inde, koma ochidziwa onse ali kutali. Chingerezi ndimalemba ndekha, pano, lero."

"Ndiye kuti ndinu wansembe wopanda Misa," ndinatero.

"Atate a Benard!" Eness anandidzudzula chapansipansi. Amanditchabe choncho, ndi dzina la mwana uja.

Mayiyo anati akufuna munthu womuperekeza m'tchire ndi m'madambo, wodziwa njira. Anandiyang'ana ine. Ndinati miyendo yanga inayenda ndi munthu wodziwa ntchito yake, ndipo singayambirenso ndi ana a sukulu. Ndinkayembekeza kuti andipempha kachiwiri. Mlendo waulemu amapempha kawiri. Koma asanatsegule pakamwa, Patson anali ataimirira kale, akupukuta fumbi kumbuyo, akulankhula Chingerezi chake cha m'hotela. Ndinamva mayiyo akuseka. Analowa m'galimoto, Patson kutsogolo.

Patson ameneyu sadziwa kusiyanitsa mtengo wa mutondo ndi wa musamba. Ali mwana ankaopa ngakhale chitedze chouma. Koma chilimwe chonsecho ankayenda ndi chipewa chimene mayiyo anamupatsa, akujambula tiudzu ndi foni n'kutumiza ku Lusaka. Anthu anayamba kumutcha ba profesa. Ndikadutsa pa golosale ankandikuwira.

"Akulu! Bwerani muone ichi. Chilatini chake n'chiyani?"

"Funsa foni yako."

"Foni ilibe ndevu ngati Bambo Kazimili!"

Anyamata omwera pa khonde ankaseka.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa miyala, Patson anapeza kanthu. Kumunsi kwa kasupe wotentha kuli malo a dothi loyera ngati phulusa, kumene chimanga sichimera. Pamenepo panali kachomera kosafika m'bondo, ka masamba onenepa otuwa, ndi timaluwa tofiirira tonga mabelu. Ndapitapo pamalopo kosawerengeka. Mwina ndinakaponda. Kalibe ntchito, si mankhwala, si ndiwo, ndipo kanalibe ngakhale dzina m'Chisoli kapena m'Chinyanja. Patson anakajambula chifukwa ankajambula chilichonse. Mayiyo ataona chithunzi anabwera mawa lake. Anadula nthambi zingapo, napempha Patson kuti azingire malowo ndi minga kuti mbuzi zisalowe.

Patapita miyezi anabweranso, naitana anthu pa golosale. Ine ndinapita kukagula sopo. Anati waonetsa nthambi zija kwa anzake a maiko ena, ndipo palibe amene anakaonapo kachomerako. N'katsopano. Anatulutsa pepala nawerenga m'Chingerezi mmene masamba ake alili, mmene maluwa alili, Patson akugwedeza mutu ngati kuti ndiye anakalenga. Kenaka anati dzina la chomera lili ndi mawu awiri, loyamba longa la mtundu wake, lachiwiri lakelake.

"Lachiwirilo lidzakhala patsonii," anatero.

Akazi analuluta. Estina, mkazi wa Patson, anavina mpaka chitenje chinamasuka. Ine ndinaima ndi sopo m'manja. Mawu aja anandilonjeza Bambo Kazimili pamwala, mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi monga munthu asunga mbewu m'chaka cha njala, anali atavekedwa mng'ono wanga. Munthu wa ana odzaza tchalitchi. Munthu amene dzina lake lili kale pa khoma, pa ngolo, ndi pa ana a ana ake. Nalonso duwa alitenge?

Ndinafunsa funso limodzi lokha. "Dzinalo laima kale?"

"Iyayi ba tate. Ndidikira zipatso zake zikhwime kuti ndizifotokozenso. Pakali pano kalibe dzina."

Ndinabwerera kunyumba ndikusinkhasinkha. Kalibe dzina. Kafotokozedwa m'chiyankhulo cha m'hotela, ndi munthu wosadziwa Chilatini, kuti kapatsidwe kwa munthu wosadziwa mitengo. Malamulo awiri aja ndinawamva ndi makutu anga kwa munthu amene ankadziwa. Chilatini ndicho chiyankhulo chake. Dzina loyamba ndilo limaima. M'boma lonse la Rufunsa, ndani wina akanatha kupereka dzina m'Chilatini? Ndipo ndinaonapo belu la tchalitchi likuthiridwa madzi ndi kupatsidwa dzina. Ngati chitsulo chilandira dzina, chamoyo chingalephere bwanji?

M'mawa mwake ndinavala malaya anga oyera a pa Sande. Eness anandiyang'ana.

"Kuli maliro?"

"Kulibe."

"Nanga malaya?"

"Malaya ndi anga."

Ndinatenga chikho. Pa kasupe ndinatunga madzi, n'kuwaika pamwala kuti azizire, chifukwa madzi a pamenepo amaphika dzira. Atazizira ndinatsika kumunsi, ndinasuntha nthambi ya minga ya mpanda wa Patson, ndi kulowa. Kachomerako kanali ndi maluwa ochepa otsala. Ndinavula chipewa, ndinagwada pa dothi loyera lija. Ulendo womaliza umene ndinagwira chikho motero ndinali m'kanyumba kodontha, Eness akulira pamphasa.

Ndinathira madzi pang'ono pa masamba, n'kunena mokweza kuti dziko limve.

"Benardii, ego te baptizo..."

"Mayo ine! Ba mulamu!"

Anali Estina. Kumbuyo kwake kunali akazi ena asanu kapena kupitirira, mabeseni a zovala ali pamutu, akupita kukachapa kumene madzi otentha amakumana ndi ozizira. Onse anaima kunja kwa minga akundiyang'ana, ndili chogwada, malaya oyera, chikho m'manja.

"Ba mulamu, mubatiza udzu?"

"Pitani mukachape," ndinatero.

"Nanga ba mulamu, osatiitana ku ubatizo? Tikanaphika thobwa!"

"Amake ndani mwanayo?" wina anafunsa.

"Amuimirira ndani pa ubatizo? Kapena mbuzi?"

Beseni la mmodzi linagwa chifukwa cha kuseka. Ndinamaliza mawu anga ngakhale sankamveka, ndinaimirira, ndinabwezera minga pamalo pake, n'kudutsa pakati pawo osathamanga.

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itafika pamsewu. Pofika Loweruka inali itakwera minibasi mpaka ku Rufunsa. Kondakitala wina amene sindimudziwa n'komwe anandikuwira pawindo, "Ba mudala, mwana ali bwanji? Wayamba kuyenda?" Ana opita kusukulu ankapatuka kukasuzumira pa minga paja, akuuzana kuti tiyeni tikaone mwana wa ba Benard. Katekisiti anabwera kudzandiuza kuti mawu a ubatizo si oseweretsa. Ndinamufunsa ngati angawanene m'Chilatini. Anachoka.

Eness sanandilankhule masiku angapo. Ankaika chakudya, n'kukakhala kuseri. Tsiku lina akusankha nyemba anafunsa osandiyang'ana.

"Chinali chikho chiti?"

"Chikho ndi chikho."

"Ndafunsa chinali chiti."

Ndinayang'ana kudenga. Iye ankadziwa. Chikho chimenecho chimakhala pamwamba pa denga, m'kati mwa udzu, ndipo sitimweramo.

"Dzina lija munalipereka kale," anatero. "Muli nalo limodzi lokha, ndipo munalipereka kale kwa mwini wake."

Anapitiriza kusankha nyemba.

Zipatso zitakhwima Dokotala Emelda anabwera. Atatha ntchito yake kumunsi kuja anafika pakhomo panga, Patson ali pambuyo pake, chipewa chili m'manja. Ndinadziwa kuti mayiyo wamva zonse.

Ndinayamba ndine. Ndinamuuza kuti kachomerako kali kale ndi dzina, loperekedwa m'Chilatini, pamaso pa mboni zambiri, ndipo dzina loyamba ndilo limaima.

Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Anati, "Lamulo limenelo lilipodi, ba tate, ndipo wansembe wanu anakuuzani zoona. Koma limawerengera dzina losindikizidwa m'buku la akatswiri, pamodzi ndi nthambi youma yosungidwa. La pakamwa siliwerengedwa, ngakhale litanenedwa m'Chilatini."

"Limenelonso analisintha pa msonkhano wawo?"

"Iyayi. Limenelo n'lakalekale."

Ndimakayika mpaka lero. Anthu a mapepala amakhala ndi lamulo lina m'thumba nthawi zonse.

Kenaka anati wabwera ndi pempho. Pa ntchito yawo amalembanso dzina limene eni dera amatchula chomera. Ulendo woyamba anafunsa anthu, onse anati kalibe dzina. Lero wafunsa akazi pa kasupe, ana a sukulu, ngakhale wogulitsa makala, ndipo onse ayankha chimodzimodzi.

"Akuti ndi mwana wa ba Benard. Ndiyenera kulemba zimene anthu akunena, koma sindifuna kulemba musanavomere."

"Mulilemba m'Chilatini?"

"Iyayi. Monga mmene anthu amalinenera."

"Pati?"

"Pansi, pomalizira."

"Nanga la uyu?"

"Pamwamba."

Apo Patson anakhosomola. Anayandikira, nakhala pa mtondo uja, ndipo analankhula Chinyanja chokhachokha, chopanda Chingerezi ngakhale liwu limodzi.

"Akulu, ine sindinadziwe kuti Bambo anakulonjezani. Mulamu wandiuza dzulo. Ine duwa ndichita nalo chiyani? Ba dokotala akuti pepala silinapite. Angathe kusintha. Likhale lanu."

Mayiyo anagwedeza mutu kuti n'zotheka. Eness anali ataima pakhomo, manja ali m'chitenje.

Ndinamuyang'ana mng'ono wangayo. Nkhope yake inali yachifundo, yonenepa, ya munthu amene wakhuta ndipo akukankhira mbale kwa mnzake. Anatenga sukulu, tsopano akundipatsa duwa. Ndipo ndinaona mmene zikanakhalira. Pa golosale, pa maliro, pa tchalitchi, anthu akanati Patson ndi munthu wabwino, anapatsa mkulu wake dzina. Dzina langa likanakhala pamwamba, koma pansi pake, mosalembedwa, pakanakhala pake.

"Sindidya zotsala m'mbale mwako," ndinatero.

"Akulu..."

"Wamva."

Eness analowa m'nyumba. Patson anavala chipewa chake. Mayiyo anafunsanso za dzina la anthu lija, ngati alilembe kapena ayi. Ndinati alembe zimene akufuna, popeza pakamwa pa anthu sindingapatseke.

Bukulo linatuluka. Patson anang'amba tsamba lake, analiika m'galasi, nalipachika pamwamba pa shelefu ya shuga. Ndinaliona kamodzi. Dzina lake lili pamwamba m'zilembo zopendekeka, ndipo iye mwini polinena amalakwitsa. Pansi pake pali Chingerezi chodzaza tsamba. Pomalizira penipeni, pafupi ndi pamene chimango chaphimba, pali mawu anayi a Chinyanja.

Masiku ano kumabwera alendo, ena ochokera kutali, ndi makamera aatali. Amaima pamsewu n'kufunsa za patsonii. Palibe amene amawamva. Akaonetsa chithunzi, wogulitsa tomato aliyense amati, "Oo, mwana wa ba Benard," n'kuwalozera njira ya kumunsi kwa kasupe. Eness akuti ndizikondwa nazo. Iye amapitako yekha nthawi zina kukakonza minga pamene mbuzi zaboola, ndipo sandiuza, koma ndimaona dothi loyera ku mapazi ake.

Ine sindikondwa. Dzina langa lili m'kamwa mwa anthu amene analiyamba ndi kuseka, ndipo pakamwa pamafa. La Patson lili m'Chilatini. Alendowo akatha kujambula mwana wanga amakwera kumtunda ali ndi ludzu, n'kukagula zakumwa pa golosale yake.